Leaf, i-MiEV, Sakura kapena BYD: kagalimoto kamagetsi kopitira ku ntchito, tigule kati?

Mizere ya mafuta ya mu 2022, 2023 ndi kumapeto kwa 2024 inasintha nkhani zimene timakambirana ife okonda magalimoto. Kale tinkatsutsana za Vitz ndi Fit, kapena ngati Sienta ikuposa Freed. Masiku ano funso limene likumveka pafupipafupi ndi lakuti kodi kagalimoto kamagetsi kangagwire ntchito kuno kwathu, ndipo ngati kangatero, munthu agule kati. Ine ndikuti kangagwire, koma osati kwa aliyense. Ndipo chimene mukugula pamenepa ndi batire. Penti, mipando ndi chaka chimene galimoto inapangidwa zibwere pambuyo. Wogula mopenyetsetsa thupi la galimoto, monga tinazolowera pogula za petulo, ndi amene adzalire.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi osavuta. Yuniti imodzi imene mumagula pa mita ya ESCOM ndi kWh imodzi, ndipo kukula kwa batire la galimoto amakuyezanso mu kWh. Choncho Leaf ya 24 kWh ndi galimoto yonyamula mayuniti 24 ili yatsopano. Timagalimoto tating'onoting'ono timadya mayuniti a pakati pa 13 ndi 17 pa makilomita 100, kutengera phazi la woyendetsa, zitunda ndi eyakoni. Munthu wokhala ku Area 25 amene amagwira ntchito ku City Centre, kapena wa ku Chileka wogwira ntchito m'tauni ya Blantyre, amayenda makilomita 30 kapena 40 patsiku akaphatikiza kutula ana kusukulu ndi kudzera kumsika. Amenewo ndi mayuniti asanu kapena asanu ndi limodzi, kuwonjezerapo pang'ono amene amatayika potchaja. Toyota Aqua, imene imamwa pafupifupi lita imodzi pa makilomita 20 m'tauni, ingafune lita imodzi ndi theka kapena malita awiri pa ulendo womwewo. Tengani mtengo wa yuniti wa lero, mutengenso mtengo wa petulo umene MERA yalengeza, muchulukitse nokha. Kusiyanako ndi kwakukulu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sikuzilala.

Musanayang'ane galimoto iliyonse, yang'anani pamene imagona. Ngati mumakhala nyumba ya lendi yogawana mita ndi mabanja ena, kapena galimoto mumakaisunga kutali ndi kwanu usiku, galimoto yamagetsi idzakudanitsani ndi anansi anu. Malo otchajira a anthu onse m'dziko muno ndi owerengeka kwambiri, moti simungakonze moyo wanu wa tsiku ndi tsiku mowadalira. Malo anu omwetsera ndi soketi ya pakhomo panu, basi. Magetsi athu ndi a 230V ndipo pulagi yathu ya mano atatu imapirira 13A. Chingwe chotchajira chabwino chimakoka 10A, kutanthauza mayuniti awiri ndi kachidutswa pa ola. Zimene mwadya tsiku lonse zimabwerera m'maola atatu. Ngakhale magetsi atazima madzulo n'kuyaka pakati pa usiku, pofika m'mawa batire limakhala ladzaza. Zimene zinachitika mu January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi 130 MW, tonse tikuzikumbukira: kuzima kwa maola ambirimbiri tsiku lililonse kwa miyezi. Ngakhale nthawi ngati imeneyo, maola atatu kapena anayi a magetsi pa tsiku ankapezeka m'madera ambiri. Koma phunziro lake n'lakuti mugule batire loti likhoza kukuyendetsani masiku awiri kapena atatu osatchaja, osati lokwanira tsiku limodzi ndendende.

Tsopano magalimotowo. Ndiyamba ndi Nissan Leaf ndipo ndikhalitsapo, chifukwa ndi imene ambiri mudzaione pa masamba a ogulitsa a ku Japan, pa mtengo wokopa mtima.

Leaf inatuluka mu December 2010 ndi batire la 24 kWh. Kumapeto kwa 2015 kunabwera la 30 kWh, kenako mu 2017 anasintha thupi lonse n'kuikamo la 40 kWh, ndipo mu 2019 anawonjezera la 62 kWh. Kunena zoona si kagalimoto kakang'ono kwenikweni. Imakwana anthu asanu, kumbuyo kumalowa matumba a chimanga, ndipo pa msewu imakhazikika kuposa zinzake zonse zimene nditchule. Mota yake ndi yolimba, sikawirikawiri kumva kuti yafa. Mulibe oyilo wa injini, mulibe mapulagi, mulibe lamba wa tayimingi, ndipo mabuleki amakhalitsa chifukwa mukachotsa phazi mota ndi imene imagwira galimoto uku ikubwezera moto m'batire. Amene amatsika mapiri a Chikwawa kapena kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba adzaona manambala a batire akukwera m'malo motsika.

Vuto lake ndi limodzi, koma ndi lalikulu. Batire la ma Leaf amene ndatchulawa lilibe choliziziritsa. Magalimoto ena amagetsi amayendetsa madzi kapena gasi wa eyakoni m'batire kuti lisatenthe; Nissan anangolitsekera m'bokosi la chitsulo pansi pa mipando, kuti lizizizira lokha ndi mphepo. M'mayiko ozizira zimenezi sizinavute. Koma mu 2012 eni ma Leaf a ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, kumene kumatentha koopsa, anayamba kudandaula kuti mabatire awo akufooka galimoto isanathe zaka ziwiri. Kampaniyo inasintha kapangidwe ka batire m'zaka zotsatira ndipo zinthu zinakhalako bwino, koma choziziritsira sichinaikidwemo, ngakhale mu ya 40 kWh ija. Ndiye ganizirani za kwathu kuno. Blantyre, Lilongwe, Zomba, Dedza ndi Mzuzu ndi malo okwera, usiku kumazizira, ndipo Leaf yoimikidwa pa mthunzi ikhoza kukhala zaka. Koma kwa m'bale wa ku Nchalo, Ngabu, Nsanje, Mangochi, Salima kapena Karonga, kumene mu October ndi November kutentha kumayandikira kapena kupitirira madigiri 40, sindingamulimbikitse Leaf. Batire lidzakalamba iye akuona.

Pa dashibodi ya Leaf pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire. Musatisokoneze ndi chosonyeza kuchuluka kwa moto umene watsala lero. Kamzere koyamba kamazimika batire likatsika kufika pa 85 peresenti, ndipo kalikonse kotsatira kamaimira pafupifupi 6 peresenti. Ndiye Leaf ya timizere 8 ili ndi pakati pa 60 ndi 66 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Pa batire la 24 kWh, limene ngakhale lili latsopano silinkakupatsani onse 24, zikutanthauza mayuniti 13 kapena 14, makilomita 80 kapena 90 mukuyendetsa mofatsa. Kuchoka ku Limbe kupita ku Blantyre n'kubwerera, zimenezo n'zokwanira masiku angapo. Kupita ku Zomba, mtunda wa makilomita oposa 60, mukafika koma simubwerako osatchaja. Ma Leaf otsika mtengo kwambiri amene mumawaona pa intaneti, ambiri ndi amenewa. Atsika mtengo chifukwa ku Japan palibenso amene akuwafuna.

Timizereto tikhozanso kunama. Pali njira yofufutira zimene kompyuta ya batire yasunga, dashibodi n'kuonetsa timizere 12 kwa masabata angapo kufikira kompyutayo itayezanso batire. Chida chodalirika ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy, imene imalumikizidwa ndi kachipangizo kolowetsa pa polumikizira OBD pansi pa chiwongolero. Imaonetsa nambala ya SOH, imene ndi thanzi lenileni la batire, imaonetsa kuti galimoto inatchajidwa kangati mothamanga ndi kangati pang'onopang'ono, komanso ngati pali maselo ofooka kuposa anzake. Wogulitsa amene akukana kukutumizirani chithunzi cha LeafSpy, musiyeni. Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, pitani ndi kachipangizoko nokha; mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene kangakupulumutseni.

Pakati pa ma Leaf a 24, 30 ndi 40 kWh, ine ndingatenge ya 40 kWh yokhala ndi SOH yoposa 80 peresenti. Imeneyo imayenda makilomita 170 mpaka 200 popanda kudandaula, kutanthauza sabata yonse ya ntchito kwa ambiri, kapena ulendo wa Lilongwe ndi Dedza mutatchajako pang'ono musanabwerere. Ya 30 kWh ili pakatikati, ndipo zina mwa izo zinafooka msanga, choncho nambala ya SOH ndiyo ilankhule. Ya 24 kWh ndingaigule pokhapokha ili ya 2013 kupita mtsogolo, ili ndi timizere 10 kapena kuposerapo, ndipo maulendo anga sapitirira makilomita 30 patsiku. Chotonthoza n'chakuti batire la Leaf limatheka kulitsegula n'kusintha zigawo zofooka, ndipo m'mayiko ngati New Zealand, kumene ma Leaf ochokera ku Japan ndi ambirimbiri, amisiri amaika batire la 40 kWh mu galimoto yakale ya 24. Koma ntchito imeneyo ikufuna munthu amene anaiphunzira. Mawaya a mtundu wa olenji amene ali pansipo amanyamula pafupifupi 360V. Makaniko wathu wa masiku onse akhoza kusintha mashoko, mabushi ndi mabuleki, koma mawaya amenewo asawakhudze.

Mitsubishi i-MiEV ndi yakale kuposa Leaf. Inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2009 ndipo anasiya kuipanga mu 2021. Ku Ulaya inkagulitsidwanso ndi maina a Peugeot iOn ndi Citroën C-Zero. Iyi ndiye yaing'ono zenizeni, ya gulu limodzi ndi Mira ndi Alto, ya mipando inayi, mota ili kumbuyo ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo. Ambiri amaiseka maonekedwe. Ine ndimailemekeza pa chifukwa chimodzi. Pali mitundu iwiri: ya batire la 16 kWh, ndi ina yotchedwa M, imene inatuluka mu 2011 ndi batire laling'ono la 10.5 kWh lopangidwa ndi Toshiba, lotchedwa SCiB. Munthu akamva 16 ndi 10.5 amathamangira 16. Koma batire la Toshiba lija ndi la mtundu wina, limene limafooka pang'onopang'ono kwambiri, moti magalimoto a zaka zoposa khumi amapezeka akadali ndi pafupifupi mphamvu yawo yonse, pamene la 16 kWh la msinkhu womwewo lingakhale litatsika kufika pofanana nalo kapena kuchepera. Makilomita 70 kapena 80 amene M ikupatsani lero ndi omwewonso idzakupatseni zaka zikubwerazi. Kwa mphunzitsi, namwino kapena wa mu ofesi amene ulendo wake ndi wodziwika, wosasintha, wa makilomita 20 patsiku, kagalimoto aka n'kokhulupirika kuposa Leaf ya timizere 8 ya mtengo wofanana.

Zoipa zake n'zoonekeratu. Matayala akutsogolo ndi ang'ono kusiyana ndi akumbuyo, mulibe tayala lapadera, ndipo saizi zakezo simungazipeze pa shopu iliyonse. Kabokosi kamene kamatchaja batire, kamene kamadzazanso batire laling'ono la 12V, kamadziwika kuti kamafa, ndipo kakafa galimoto yaima kufikira mutaitanitsa kena kuchokera kunja. Pa M1, thiraki ikamakudutsani, mudzamva kuti muli m'kanthu kopepuka. Ndi ya m'tauni, isatuluke m'tauni.

Nissan Sakura, pamodzi ndi mnzake Mitsubishi eK X EV amene ndi galimoto imodzimodziyo yosiyana nkhope, inatuluka mu 2022 ndipo inakhala galimoto yamagetsi yogulidwa kwambiri ku Japan. Ndi m'bale wake wa Nissan Dayz, imene tazolowera kale kuiona m'misewu mwathu. Batire lake ndi la 20 kWh, ndipo kampani imati imayenda makilomita 180. Inu werengerani 130 mpaka 150. Ikanakhala nkhani ya manambala okha, Leaf ya 40 kWh yaiposa kutali. Koma Sakura ili ndi chimene Leaf ilibe: batire lake limaziziritsidwa ndi gasi wa eyakoni. Kwa dziko lotentha, chimenecho n'chachikulu. Chachiwiri, popeza zakale kwambiri ndi za 2022, simungakumane ndi Sakura yotheratu batire. Imanyamuka mwamphamvu pa chitunda kuposa Dayz ya petulo, moti kukwera ku Soche kapena ku Ndirande muli anthu anayi sikuilemetsa. Mtengo wake ndi wokwera kuposa Leaf zakale, kumbuyo konyamulira katundu n'kochepa, mipando ndi inayi basi, ndipo ndi yotsika. Ngati msewu wa kwanu umasanduka ngalande nthawi ya dzinja, ganizirani kawiri, chifukwa chimene chimakhula pansi pa galimoto yamagetsi ndi bokosi la batire. Zimenezi zikukhudzanso Leaf, imene siikwera kwenikweni kuposa Sakura. Madzi a mvula si vuto lalikulu popeza bokosilo ndi lomata bwino. Mwala ndi mahampu aataliatali ndi zimene muziope.

Ndikaika ziwirizi pamodzi, Sakura ndi Leaf ya 40 kWh, ndimati zikusiyana ndi banja lanu komanso dera lanu. Banja la ana atatu lokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, limene Loweruka limafuna kukaona agogo pa mtunda wa makilomita 60, litenge Leaf. Munthu mmodzi kapena awiri okhala kotentha, oyenda m'tauni mokha, atenge Sakura.

Za ku China zili m'magulu awiri, ndipo ndikupemphani musawasakanize. Gulu loyamba ndi timagalimoto totsika mtengo kwambiri timene mumationa m'mavidiyo, monga Wuling Hongguang Mini EV imene inatuluka mu 2020 n'kugulidwa ngati zitumbuwa kwawoko. Yoyambirira inali ndi batire la mayuniti pafupifupi 9 kapena 14, matayala a mainchi 12, ndipo yotsikitsitsa mtengo inalibe eyakoni ngakhale chikwama cha mpweya choteteza pa ngozi. Chiwongolero chake chili kumanzere, pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu ndipo timafuna chiwongolero cha kumanja. Kudutsa minibasi imene yaima pakati pa msewu mutakhala mbali yolakwika n'kuika moyo pachiswe. Polowetsera chingwe ndi pa mtundu wa ku China kokha, ndipo zolembedwa zonse pa sikirini ndi za m'Chitchaina. Amene akufunitsitsa kagalimoto ka mtundu umenewu afunefune Wuling Air EV yopangidwa ku Indonesia, kapena MG Comet EV ya ku India ya 17.3 kWh, chifukwa mayiko awiriwa amayenda mbali yofanana ndi ife. Citroën Ami, yopangidwa ku Morocco, ndingoitchula podutsa: liwiro lake limathera pa makilomita 45 pa ola, mipando iwiri, chiwongolero kumanzere. Pa Masauko Chipembere Highway mungangosautsa anzanu.

Gulu lachiwiri ndi la BYD Dolphin ndi mng'ono wake Dolphin Surf, amene ku China amamutcha Seagull. Awa ndi magalimoto enieni, amagulitsidwa atsopano ku South Africa ndi ku Britain ndi chiwongolero cha kumanja. Batire lawo ndi la mtundu wa LFP, limene limapirira kutentha kuposa la Leaf, silidandaula kudzazidwa mpaka 100 peresenti tsiku lililonse, ndipo lili ndi choziziritsira. Dolphin ili ndi batire la 44.9 kWh kapena la 60.4 kWh; lalikululo, lili latsopano, likhoza kuyesa ulendo wa Blantyre ndi Lilongwe, wa makilomita opitirira pang'ono 300, ngati woyendetsa saponda kwambiri. Pali chinanso chimene Mmalawi aliyense angachikonde: mukhoza kulumikiza chingwe pa galimotoyo n'kupeza soketi wamba, yoyatsira firiji, TV ndi mababu magetsi akazima. Leaf ndi Sakura nazo zikhoza kupereka magetsi ku nyumba, koma zimafuna bokosi lapadera lokwera mtengo. Pa luso, BYD yaziposa zonse. Pa thumba, ndi nkhani ina. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, galimoto yatsopano yogulidwa ndi ndalama zakunja inatalikira anthu ambiri olandira malipiro a pamwezi. Ndipo musaganize kuti chitsimikizo cha zaka zisanu ndi zitatu cha pa batire chidzangokutsatirani chokha mukaitulutsa m'dziko limene munaigula. Funsani wogulitsa alembe papepala kuti likafa batire mukaikonzetsa kuti, ndipo adzalipire ndani mtengo wonyamulira.

Kwa abale athu amene ali ku Britain, nkhani ndi yosiyana, chifukwa kumeneko malo otchajira ali ponseponse ndipo kutentha si vuto. Leaf yopangidwa ku Sunderland, Renault Zoe ndi Dacia Spring, imene inayamba kugulitsidwa kumeneko mu 2024 ndi batire la 26.8 kWh, zonse zimagwira bwino ntchito yopita ku mashifiti. Pa Zoe yakale yang'anitsitsani mapepala, chifukwa zambiri zinkagulitsidwa batire lili la lendi ya mwezi ndi mwezi, osati la mwini galimoto. Galimoto yotereyo musayese kuitumiza kumudzi musanathane ndi nkhani ya batireyo.

Pali ndalama zina zimene anthu saziwerengera, ndipo zapweteka ambiri mumtima atalipira kale. Galimoto za ku Japan zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, kenako dalaivala amaziyendetsa kudzalowera pa Songwe. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 1,000. Vitz imangomwetsedwa n'kumabwera. Leaf singathe. Iyenera kukwezedwa pa thiraki yonyamula magalimoto kuchokera pa doko mpaka pakhomo panu, ndipo mtengo wake si wofanana ndi wa dalaivala ndi mafuta. Chachiwiri, chiyambire pamene sitima ya Felicity Ace inapsa m'nyanja ya Atlantic mu February 2022 itanyamula magalimoto zikwi zingapo, makampani ena a sitima anayamba kukana kapena kuika malamulo okhwima pa magalimoto amagetsi ogwiritsidwapo kale ntchito, choncho funsani musanalipire ngati yanuyo ili ndi sitima yoinyamula. Chachitatu, galimoto imene yakhala masabata ambiri pa doko imafika batire la 12V litafa, ndipo popanda kabatire kameneko galimoto yamagetsi siyaka ngakhale batire lalikulu litadzaza. Ma Leaf ambiri amene eni ake amaganiza kuti awonongeka amangofuna batire la 12V latsopano. Za msonkho, pitani ku MRA mukawerengetse galimoto imene mwasankhayo ndalama zisanachoke m'manja.

Chingwe chotchajira nachonso ndi nkhani. Chimene chimabwera ndi galimoto ya ku Japan chinapangidwira magetsi a kumeneko, a 200V, pulagi yake ndi yosiyana, ndipo chimakoka 15A. Ena amangodula pulagiyo n'kuikapo yathu ya 13A. Musatero, anzanga. Pulagi imatentha kwa maola ambiri inu mukugona, ndipo nyumba ikhoza kupsa. Gulani chingwe cha 230V cha mutu wa Type 1, chimene chimalola kusankha 8A kapena 10A; cha BYD ndi magalimoto a ku Ulaya ndi cha Type 2, ndipo sizilowana. Itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake akuikireni soketi yakeyake yochokera ku bokosi la mabuleka, yokhala ndi waya wokhuthala ndi ethi yabwino. Zingwe zimenezi zimakana kutchaja zikapanda kupeza ethi, ndipo nyumba zathu zambiri ethi yake ndi ya dzina lokha. Amene muli ndi sola, dziwani kuti inveta yaing'ono yoyatsira mababu ndi TV singakwanitse. Mufunika ya 5 kVA kapena kuposerapo, mapanelo owonjezera, ndiponso galimoto izikhala pakhomo dzuwa likamawala, zimene sizigwirizana ndi munthu wopita ku ntchito masana. Loweruka ndi Lamlungu ndiye zimatheka bwino.

Kamodzi kokha ndipatuke. Amene timasunga ma CD a jazi ndi soul tili ndi chifukwa china chokondera magalimoto amenewa. Popanda phokoso la injini, besi ndi ng'oma zosisitidwa mopepuka zimamveka bwino ngakhale muli pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe. Leaf ya thupi lakale ili ndi polowetsera CD kuseri kwa sikirini, ndipo zina za giredi yapamwamba zinabwera ndi masipika a Bose. Zatsopano zambiri zimangodalira foni. Wailesi ya ku Japan, monga mukudziwa kale, siifika pa masiteshoni athu ambiri popanda kuikamo kachipangizo kowonjezera.

Wina afunsa za Nissan Note e-Power, imene yachuluka m'misewu ndipo ena amaitcha yamagetsi. Matayala ake amayendetsedwadi ndi mota yamagetsi, koma magetsiwo amapangidwa ndi injini ya petulo imene ili momwemo, ndipo ilibe polowetsera chingwe. Mafuta akasowa, inunso muli pa mzere. Imamwa pang'ono, monganso Aqua, ndipo ziwirizi ndizo zikupikisana zenizeni ndi magalimoto onse amene ndatchulawa. Ngati pakhomo panu padzakhala galimoto imodzi yokha, imene iyenera kupita ku maliro ku Mzimba, ku ukwati ku Mulanje ndi kukatenga chimanga ku Ntchisi, gulani Aqua kapena Note, ndipo musadzimve kuti mwatsalira. Galimoto yamagetsi yaing'ono ikuyenera munthu amene ali ndi mpanda ndi mita yakeyake, amene maulendo ake ambiri ndi a m'tauni, ndipo ulendo wautali akhoza kukwera basi kapena kugwiritsa ntchito galimoto ina.

Kwa munthu woteroyo, nayi ndondomeko yanga. Wa ndalama zokwanira, amene wapeza wogulitsa wolonjeza papepala, atenge BYD Dolphin. Wapakati atenge Leaf ya 40 kWh ngati amakhala kozizira ndipo banja ndi lalikulu, kapena Sakura ngati amakhala kotentha. Wa ndalama zochepa asathamangire Leaf yotsikitsitsa mtengo. Afufuze kaye i-MiEV ya M, ndipo akaisowa, atenge Leaf ya 24 kWh pokhapokha ataona SOH ndi maso ake. Mukaipeza, musamaisiye yodzaza 100 peresenti pa dzuwa kwa masiku, makamaka Leaf. Izikhala pakati pa 30 ndi 80 peresenti masiku wamba, ndipo muzidzaza yonse usiku woti mawa lake muli ndi ulendo. Musanatumize ndalama iliyonse, lembani makilomita amene mumayenda tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, mutenge tsiku limene munayenda kwambiri, muchulukitse kawiri. Galimoto imene batire lake la lero silifika pa nambala imeneyo, ichotseni pa mndandanda.